Penti pa Chinsalu, Mtundu M'diso: Nkhani ya Timadontho ta Seurat

Madandaulo anayambira kwa owomba nsalu. Ku Gobelins, fakitale yakalekale ya mumzinda wa Paris imene inkawomba nsalu zikuluzikulu zokongoletsera makoma a nyumba zachifumu, amisiri ankati ulusi wakuda umene ankalandira kwa onyika utoto sunali wakuda mokwanira. Akauwombera m'nsalu, makamaka m'mbali mwa ulusi wabuluu kapena wapepo, kuda kwake kunkazilala ngati malaya ochapidwa kambirimbiri. Mlandu unagwera onyika ulusi, ndipo woti auyankhe anali mkulu wawo watsopano, katswiri wa makemikolo Michel Eugène Chevreul, amene analowa ntchitoyo mu 1824.

Chevreul anatenga ulusi wodandaulidwawo n'kuuyeza. Anauika pambali pa ulusi wakuda wochokera m'mafakitale ena otchuka, koma sanaupeze chilema: unali wakuda bii ngati unzakewo. Ndiye vuto linali pati? Atafufuza nthawi yaitali anapeza yankho limene owomba ndi onyika omwe sankaliganizira. Ulusi sunkasintha. Chinkasintha ndi diso la woyang'ana. Mtundu wa buluu ukakhala pafupi, diso limathira kaufiira kangati ka lalanje pa chinthu choyandikana nawo. Wa pepo ukakhala pafupi, limathirapo kachikasu. Ulusi wakuda uja unkaipitsidwa ndi anansi ake, ndipo kuipitsako sikunkachitikira mumphika wa utoto koma m'mutu mwa munthu.

Telala aliyense wa pakhonde amazidziwa izi ngakhale sanamvepo dzina la Chevreul. N'chifukwa chake asanayambe kusoka amasolola ulusi pang'ono, kuugoneka pa nsaluyo, n'kutuluka nayo panja kuti aione padzuwa. Mayi wogula chitenje sakhutira nacho chili pamulu. Amachiyala pamkono, kapena pa bulauzi imene akufuna kuvalira. Chimene Chevreul anawonjezera ndi kuyesa chinthuchi mobwerezabwereza, ndi ulusi komanso timapepala ta mitundumitundu, mpaka kuchilemba ngati lamulo. Buku lake linatuluka mu 1839, mutu wake m'Chifalansa De la loi du contraste simultané des couleurs, kutanthauza lamulo la mmene mitundu yoonedwa pamodzi imasinthirana.

Lamulolo limati mitundu iwiri ikayandikana, diso limakulitsa kusiyana kwake. Woyera pambali pa wakuda umayera kwambiri, wakudawo n'kuderatu. Chevreul anandandalika mitundu pa chizungulire cha magawo 72, ndipo mtundu uliwonse unali ndi unzake woyang'anizana nawo kutsidya: wofiira ndi wobiriwira, wabuluu ndi wa lalanje, wachikasu ndi wa pepo. Mitundu yoyang'anizanayi ikaima phewa ndi phewa imakolezerana ngati nkhuni pamoto. Mukhoza kudziyesera nokha pomwe mwakhalapo. Yang'anitsitsani chinthu chofiira piriwiri kwa theka la mphindi osaphethira kwambiri, kenako tembenuzirani maso pa khoma loyera. Muona chinthu chomwecho chitayandama pakhomapo, koma chili chobiriwira mopita ku buluu. Pakhomapo palibe penti yotero. Mtunduwo wapangidwa ndi diso lanu.

Owomba nsalu anamuphunzitsanso chinthu china chooneka ngati chikutsutsana ndi choyambachi. Timaulusi tating'ono ta mitundu iwiri tikalukana mothinana, munthu n'kuima patali, mitunduyo sikankhananso. Imasungunukirana n'kubala mtundu umodzi watsopano. Zigamba zikuluzikulu zimasiyanitsana, tizidutswa tating'onoting'ono timagwirizana. Sungani mfundo ziwirizi, pakuti ntchito yonse ya munthu amene nkhani ino ikunena inaima pa izo.

Mnyamata wokonda kuwerenga

Georges Seurat anabadwira ku Paris pa 2 December 1859, m'banja losasowa kanthu. Mu 1878 analowa sukulu yaikulu ya zojambulajambula, École des Beaux-Arts, kumene aphunzitsi ankalemekeza mzere wolunjika bwino kuposa mtundu. Sanakhalitseko. Anakagwira chaka cha usilikali ku Brest, ndipo atabwerako anatha pafupifupi zaka ziwiri akujambula ndi choko chakuda chokhachokha pa pepala lokhakhala, kuphunzira mmene kuwala kumasungunukira mumdima popanda mzere wodula pakati. Anzake ankamudziwa ngati munthu wofatsa, wosayankhulayankhula, wosunga za kukhosi.

Ali wophunzira anawerenga buku la Charles Blanc la mu 1867, Grammaire des arts du dessin, limene linafotokozera ojambula mfundo za Chevreul m'mawu osavuta. Blanc ankanena kuti mtundu uli ndi malamulo oti munthu angaphunzire monga amaphunzirira nyimbo, ndipo chitsanzo chake chachikulu chinali wojambula Eugène Delacroix, amene ankakhwatcha timizere ta mitundu yosiyana pafupipafupi n'kusiya kuti tikagwirizane m'maso mwa woonerera. Seurat anapita kukayang'anitsitsa zithunzi za Delacroix, n'kumalemba m'kabuku mtundu uti wagona pafupi ndi uti.

Nthawi imeneyo n'kuti kagulu ka Claude Monet, Auguste Renoir ndi Camille Pissarro katagwedeza kale Paris. Iwowa ankajambulira panja, mothamanga, kuti agwire kuwala kwa mphindi imeneyo kusanathawe. Ankadziwa kale kuti mthunzi si wakuda, kuti uli ndi buluu ndi pepo mkati mwake. Koma ankayendera diso ndi mtima basi. Seurat ankawasirira, komabe ankafuna maziko olimba: njira yoti ukaitsatira lero ndi mawa ikupatse zotsatira zofanana.

Mazikowo anawapeza kwa asayansi, ndipo pano tiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono. Isaac Newton anali ataonetsa kale kuti kuwala koyera kwa dzuwa kukadutsa m'galasi la makona atatu kumamasuka n'kukhala mitundu ya utawaleza. Funso lotsala linali lakuti diso limaizindikira bwanji mitundu yosawerengeka chonchi. Mu 1802 Thomas Young wa ku England anati diso silingakhale ndi kachiwalo kapadera ka mtundu uliwonse. Liyenera kukhala ndi timitsempha ta mitundu itatu yokha, ndipo mtundu uliwonse umene timaona umachokera pa mmene titatuti tadzutsidwira. Hermann von Helmholtz wa ku Germany anaikulitsa mfundoyi patapita zaka pafupifupi 50. James Clerk Maxwell wa ku Scotland anaiyesa ndi chinthu chimene mwana aliyense wakumudzi angachizindikire: nguli. Ankaika timapepala tozungulira ta mitundu yosiyana pamwamba pa nguli n'kuizunguza mwamphamvu, mitunduyo n'kusungunukirana m'maso kukhala umodzi.

Nguli ya Maxwell inaulula chinthu chodabwitsa. Kusakaniza penti ndi kusakaniza kuwala ndi zinthu ziwiri zosiyana kotheratu. Penti imagwira ntchito mwa kumeza: yofiira imameza mbali zina za kuwala n'kubweza kufiira kokha. Ukasakaniza mapenti awiri, aliyense amameza gawo lake, ndipo chobwerera m'diso chimachepa. Ukapitiriza kuthira mitundu, mapeto ake ndi matope. Mwana aliyense amene anasewerapo ndi utoto kusukulu anaziona zimenezi. Kuwala sikutero. Nyali yofiira ndi yobiriwira zikaunikira malo amodzi pamatuluka chikasu chowala kuposa iliyonse mwa ziwirizo, ndipo ukawonjezera ya buluu pamayera mbee.

Amene anabweretsa zonsezi pakhomo la ojambula ndi Ogden Rood, mphunzitsi wa sayansi pa Columbia College ku New York, yemwenso ankajambula payekha. Buku lake, Modern Chromatics, linatuluka mu 1879, ndipo mu 1881 linamasuliridwa m'Chifalansa. Rood anafotokoza kuti timadontho kapena timizere ta mitundu yosiyana, tikaikidwa pafupipafupi n'kuonedwa chapatali, timasakanikirana m'diso mofanana ndi mapepala a pa nguli, osati mofanana ndi penti ya m'mbale. Seurat anawerenga bukuli n'kukoperako zina. Ganizo limene linamera m'mutu mwake ndi ili: ngati kusakaniza penti kumapha mtundu, bwanji osaleka kusakanizako? Bwanji osaika mtundu uliwonse paokha, uli woyera bwino, diso la woonerera likamalize ntchitoyo?

Lamulungu masana pachilumba

Chithunzi chake chachikulu choyamba, cha anyamata osamba mumtsinje wa Seine ku Asnières, oweruza a chionetsero cha boma anachikana mu 1884. Iye pamodzi ndi ena okanidwa anayambitsa chionetsero chopanda oweruza, ndipo kumeneko anakumana ndi Paul Signac, mnyamata womuchepera zaka zinayi, wolankhula momasuka, wokonda mabwato, amene anadzakhala mnzake wapamtima pa ntchitoyi. Chaka chomwecho Seurat anayamba chithunzi chimene dzina lake limadziwika nacho mpaka lero.

La Grande Jatte ndi kachilumba kakatali, kowonda, ka mumtsinje wa Seine chakumpoto chakumadzulo kwa Paris, kumene anthu a m'tauni ankapita kukapitidwa mphepo Lamulungu. Seurat ankapita kumeneko ndi timatabwa tating'ono n'kumajambulapo udzu, mitengo, madzi ndi anthu. Zojambula zokonzekera zokhazokha zinakwana pafupifupi 60. Chinsalu chenichenicho anachijambulira m'nyumba, ndipo n'chachikulu ngati khoma la chipinda: mamita awiri kupita m'mwamba, mamita atatu m'mbali. Chinamudyera zaka ziwiri. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kwa mnyamata wa zaka 25 ameneyu n'kumene kumandigwira mtima ndisanafike n'komwe pa sayansi yake.

Muli anthu oposa 40. Kudzanja lamanja kwaima mayi wovala diresi lotukuka kumbuyo monga mwa fasho ya nthawiyo, ambulera m'manja, atagwira chingwe chomangira kapusi. Pambali pake bambo wa chipewa chachitali. Kutsogolo chakumanzere mwamuna wa malaya opanda manja wagona chotsamira chigongono, kaliwo ali kukamwa. Mayi wina akuwedza m'mphepete mwa madzi, asilikali awiri akuyenda chapatali, wina akuliza lipenga, agalu akununkhiza pansi, mabwato akudutsa. Pakatikati pali kamtsikana kovala zoyera kamene kakuyang'ana kwa iwe woonerera. Onsewa ali zii, owuma ngati ziboliboli, ndipo palibe amene akuoneka kuti akucheza ndi mnzake.

Tsopano sendera pafupi, mpaka mphuno itatsala pang'ono kukhudza chinsalu. Anthu aja amasowa. Chotsala ndi tizigamba ta penti tosawerengeka, tina tozungulira, tina tatitali ngati njere za mpunga, totsatira kupindika kwa chinthu chimene tikuumba. Udzu wa pamthunzi, umene patali unkaoneka wobiriwira modera, pafupi uli ndi timadontho tobiriwira tambiri, inde, komanso ta buluu, ta pepo, ndi ta lalanje towazika apa ndi apo. Seurat ankaphwanya mtundu wa chinthu chilichonse m'zigawo zake. Choyamba mtundu wa chinthucho pachokha. Kenako mtundu wa kuwala kwa dzuwa kumene kwachigwera, umene ankauimira ndi lalanje ndi chikasu. Kenako buluu wa kuthambo amene amalowa m'mithunzi, ndi mtundu wothawira kuchokera ku chinthu choyandikana nacho. Pomaliza mtundu woyang'anizana nawo uja wa Chevreul, umene diso limadzipangira. Chigawo chilichonse chinkalandira kadontho kakekake.

Yang'ananso m'mphepete mwa anthuwo. Pamene diresi lakuda lakumana ndi udzu wowala, udzuwo wayera pang'ono mozungulira ngati kamkombero, ndipo diresilo laderapo m'mphepete mwake. Limeneli ndi lamulo la ulusi wa ku Gobelins lija, lojambulidwa mwadala ndi burashi. Pofuna kuti mitundu yake isaipitsidwe, Seurat anachotsa m'mbale yake mapenti a mtundu wa dothi, n'kutsala ndi oyandikira mitundu ya utawaleza, ndipo ankalola kusakaniza mtundu ndi mnansi wake wa pa chizungulire kapena ndi penti yoyera basi. Timadontho tambiri anatiwonjezera pakati pa kumapeto kwa 1885 ndi May 1886, pamwamba pa penti imene anali atapaka kale ndi mikwingwirima yokulirapo. Patapita zaka ziwiri kapena zitatu anabwereranso n'kuzunguliza chithunzi chonse ndi mpendero wa timadontho tofiira, ta lalanje ndi ta buluu, kuti ngakhale m'malire mwake diso lisakumane ndi mtundu umene iye sanausankhe.

Chithunzichi chinaonetsedwa mu May 1886 pa chionetsero chachisanu ndi chitatu, chomwenso chinali chomaliza, cha kagulu ka Monet kaja. Pissarro ndi amene anaumirira kuti Seurat ndi Signac alowemo. Monet ndi Renoir sanaonetse nawo chaka chimenecho. Anthu ambiri anaseka, ena anakwiya. Koma mlembi wachinyamata Félix Fénéon anaima n'kuchiyang'ana modekha, ndipo analemba mofotokoza bwino chimene kadontho kalikonse kankachita. Iye ndiye anapatsa gulu la Seurat ndi Signac dzina lakuti néo-impressionnisme. Dzina limene linamamatira pakamwa pa anthu, pointillisme, lochokera ku liwu la Chifalansa lotanthauza kadontho, eni ake sankalikonda. Seurat ankati njira yake ndi chromo-luminarisme, kulumikiza mtundu ndi kuwala. Signac ankati ndi division, kugawa, ndipo ankalimbikira kunena kuti nkhani yagona pa kugawa mitundu, kadontho ndi chida chabe.

Kodi sayansi inasunga lonjezo?

Apa m'pamene nkhaniyi imakomera, ndipo m'pamene ofotokoza ambiri amathamangapo. Kawirikawiri timauzidwa kuti timadontho ta Seurat timasakanikirana m'diso n'kutulutsa mitundu yowala kuposa ya penti wamba. Zimenezi n'zoona theka lokha.

Timadontho ta penti si nyali. Nyali ziwiri zikaunikira malo amodzi kuwala kumawonjezerana. Timadontho tiwiri toyandikana timagawana malo, kalikonse theka lake, choncho chimene diso limalandira ndi cha pakatikati pa tiwirito. Sichingawale kuposa kadontho kowala kwambiri mwa tiwirito. Chimaposa matope a m'mbale nthawi zambiri, koma sichifika pa kuwala kumene otsatira ena a Seurat ankalonjeza. Choposa apo, mitundu yoyang'anizana ija, imene imakolezerana ikakhala m'zigamba zikuluzikulu, ikasungunukirana m'diso imazimitsana n'kubala mtundu wotuwa ngati phulusa. Ngakhale timadontho ta buluu ndi ta chikasu sitibala kubiriwira monga penti imachitira, timabala kutuwa. Nguli ya Maxwell inali itaonetsa kale zimenezi, ndipo Rood anazilemba. Akatswiri a mbiri ya zojambula a m'zaka za m'ma 1980, mmodzi mwa iwo John Gage, anafufuza n'kuonetsa kuti Seurat anawerenga sayansiyi mosankha, kwakukulukulu kudzera mwa olemba ngati Blanc, n'kuisakaniza ndi zimene maso ake ankamuuza.

Ndiye zithunzi zake, ukaima patali, sizithwanima ngati moto. Zili ndi kautsi kopyapyala, kangati nkhungu ya m'mawa kapena fumbi la mwezi wa October dzuwa likamapendeka. Ena amati pamenepa Seurat analephera. Ine sindikuvomereza, ndipo chifukwa changa chili m'diso momwemo.

Timitsempha titatu ta Young tinadzapezekadi. M'zaka za m'ma 1960 asayansi anayeza timaselo ta kuseri kwa diso n'kutsimikiza kuti tozindikira mitundu tilipo ta magulu atatu. Zinadziwikanso kuti Ewald Hering, amene ankatsutsana ndi Helmholtz ponena kuti diso limawerenga mitundu iwiriiwiri molimbanitsa, kufiira ndi kubiriwira, buluu ndi chikasu, nayenso ankanena zoona: uthenga ukachoka m'timaselo tija umasanjidwa motero popita ku ubongo. Chithunzithunzi chobiriwira chimene munachiona pakhoma chija chimachokera pamenepo. Koma pali zinthu zina ziwiri zimene Seurat sakanaziwerenga m'buku lililonse la nthawi yake mmene tikuzidziwira lero. Diso limaona bwino tinthu tating'ono posiyanitsa kuwala ndi mdima kuposa posiyanitsa mitundu. Ndiponso limaona mwakuthwa pakatikati pokha pa pamene layang'ana. M'mbali monse mumakhala mwachimbuuzi.

Tanthauzo lake ndi lakuti pali mtunda wina, masitepe angapo kuchokera pa chinsalu, pamene timadontho timakhala titasungunuka koma tisanasungunukiretu. Pamene wayang'anitsitsa umationa paokhapaokha. M'mbali mwa diso tagwirizana kale. Ukasuntha maso, pamene panali timadontho pamasalala, pamene panali posalala pamabuka timadontho. Chinsalu chonse chimakhala ngati chikunjenjemera pang'ono, monga mpweya umachitira pamwamba pa msewu wa tala masana otentha. Anthu a pachilumba aja aima chilili, koma mpweya umene aimamo ukuyenda. Penti yosalazidwa bwino ndi burashi singachite zimenezi. Seurat anapita kukafuna kuwala koposa, n'kubwerako ndi kuwala kwamoyo, ndipo kwa ine chachiwirichi n'chamtengo kuposa choyambacho. Muzu wa ganizo lake unali woona: mtundu sukhala pa chinthu pokha, umamalizidwa ndi woyang'ana. Ojambula ambiri asanabwere iye ankazidziwa pang'ono zimenezi, koma iye ndiye anamanga chithunzi chathunthu chimene sichikwanira mpaka munthu ataima patsogolo pake n'kusankha poima.

Pali mbali imodzi imene sayansi inamugwiritsa fuwa lamoto zenizeni, ndipo ndi mbali ya makemikolo. Pofuna chikasu chowala cha udzu wa padzuwa, anagwiritsa ntchito penti yachikasu yopangidwa ndi zinki. Penti imeneyi sikhalitsa. Pasanathe zaka zambiri timadontho tija tinayamba kuderera, kusanduka tofiirira ngati khofi, moti anzake anaziona okha m'zaka zochepa chabe. Udzu umene tikuuona lero ndi wozilala kuyerekeza ndi umene anthu a ku Paris anauona mu 1886.

Otsatira ndi obwerera

Njirayi inafalikira msanga. Mu 1887 chithunzi cha La Grande Jatte chinaonetsedwa ku Brussels, ndipo ojambula a ku Belgium monga Théo van Rysselberghe anaitengera. Vincent van Gogh, amene ankakhala ku Paris kuyambira 1886, anayesako timadontho, ndipo anakacheza kunyumba yojambulira ya Seurat mu February 1888 atatsala pang'ono kunyamuka ulendo wa ku Arles. Mtima wake wothamanga sukanapirira kudontheza, choncho timadontho tinatalika m'manja mwake n'kukhala mikwingwirima yopindikapindika, koma chizolowezi choika buluu pambali pa lalanje anapita nacho. Pissarro, amene anali wamkulu kwa onsewa, anaigwira njirayi zaka pafupifupi zinayi n'kuisiya. Dandaulo lake linali lomveka: inkachedwetsa dzanja mpaka chimene waona chizizire usanachijambule.

Seurat mwiniwake anapitirira. M'miyezi yotentha ankapita kunyanja, ku Grandcamp, Honfleur, Port-en-Bessin, Le Crotoy ndi Gravelines, n'kujambula madoko opanda anthu m'kuwala kotuwa kwa kumpoto kwa France. Kwa ine zithunzi zimenezi ndi zimene njira yake inakhalira bwino koposa, chifukwa kautsi kaja ndi mtundu weniweni wa mpweya wa kunyanja. Anakopekanso ndi maganizo a Charles Henry akuti mizere yokwera ndi mitundu yotentha zimadzutsa chimwemwe, yotsika ndi yozizira chisoni, ndipo anawayesa m'zithunzi za ovina ndi za masewera a sekasi. Chithunzi cha sekasi, Le Cirque, chinali pachionetsero chisanamalizidwe pamene anadwala mwadzidzidzi. Anamwalira pa 29 March 1891 ali ndi zaka 31, ndipo mwana wake wamng'ono anamutsatira patangopita milungu iwiri. Chevreul, amene madandaulo a ulusi anamuyambitsa ulendo wonsewu, anali atamwalira zaka ziwiri m'mbuyomo, mu April 1889, ali ndi zaka 102. Dzina lake lili m'gulu la mayina 72 olembedwa pa nsanja ya Eiffel, nsanja imene Seurat anaijambula ndi timadontho chaka chomwecho.

Signac ndiye anasenza mtolo. Anasamukira ku Saint-Tropez mu 1892, ndipo mu 1899 anatulutsa buku lofotokoza njirayi kuyambira pa Delacroix. Chochititsa chidwi n'chakuti iye ndi mnzake Henri-Edmond Cross anaona okha vuto la kutuwa lija, ndipo anakulitsa timadontho kukhala tizigamba ta makona anayi toti diso lisathe kutisungunula, mitundu izikolezerana m'malo mozimitsana. Anachoka pa mfundo yachiwiri ya Chevreul kubwerera pa yoyamba. Henri Matisse anakakhala ku Saint-Tropez m'chilimwe cha 1904, anajambula motsatira njira imeneyi, ndipo chaka chotsatira anali atamasula mitundu yake kotheratu, kupaka nkhope zobiriwira ndi mitengo yofiira.

Tsiku lina kadontho ka madzi kanagwera pa galasi la foni yanga pamalo oyera, ndipo m'kati mwake ndinaona tinyali tating'onoting'ono tofiira, tobiriwira ndi ta buluu titandandalikana. Kuyera kumene ndinkakuona kunalibe pagalasipo. Foni, TV ndi kompyuta zimayendera mfundo ya Young ndi Maxwell ija, ndipo popeza timadontho take ndi tinyali tenitenidi, zimakwanitsa kuwala kumene penti inkakanika. Sizinatengere kwa Seurat. Iye ndi opanga makinawa anamwa pa chitsime chimodzi. Abale awiri a Lumière, amene mu 1907 anayamba kugulitsa magalasi ojambulira zithunzi za mitundu pogwiritsa ntchito tinjere ta ufa wa mbatatesi tonyikidwa mu utoto wa mitundu itatu, anamwanso pomwepo.

Chithunzi cha La Grande Jatte chinagulitsidwa mu 1900 pa mtengo wa mafranki 800. Mu 1924 banja la Bartlett la ku America linachigula, ndipo chili ku Art Institute of Chicago. Mu 1958 chinabwerekedwa ku Museum of Modern Art ku New York, nyumbayo inagwira moto, ndipo anthu anachitulutsa chisanapse.

Ambiri a ife ku Chicago sitidzafikako, koma kuti muone chimene Seurat ankanena simusowa tikiti ya ndege. Tengani nyuzipepala iliyonse, sankhani chithunzi cha mitundu, muchiyandikize kumaso pamalo owala, kapena muchijambule ndi foni n'kuchikulitsa. Nkhope ya munthuyo imwazikana kukhala timadontho ta inki ya mitundu inayi: yabuluu wowala, yofiira mopita ku pinki, yachikasu ndi yakuda. Kenako tambasulani dzanja pang'onopang'ono, ndipo muyang'anitsitse mtunda umene timadonthoto tisandukirenso munthu.